Kodi ntchito ya katswiri wa chitetezo cha m'thupi imayezedwa bwanji? Phunziro lochokera ku Muhimbili

DAR ES SALAAM – Namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi akabaya munthu pa chala, n'kudontheza magazi pa kachida koyezera, n'kumuuza pasanathe theka la ola ngati ali ndi kachirombo ka HIV kapena ayi, amakhala akutsatira ndondomeko imene ena anaiyesa kaye mu labotale. Ku Tanzania, imodzi mwa ndondomeko zotere inachokera pa kafukufuku wa m'chaka cha 2006, amene lipoti lake lili ndi dzina la Pulofesa Eligius Lyamuya patsogolo.

Lyamuya ndi katswiri wa tizirombo toyambitsa matenda ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo mbiri yake ya ntchito ili pa sukulu ya ukachenjede ya Muhimbili, ku Upanga, m'boma la Ilala mu mzinda wa Dar es Salaam. Ambiri mwa anthu amene anayezedwa magazi motsatira ndondomeko ija sanamvepo dzina lake. Nawo akatswiri anzake amamudziwa kudzera m'njira ina: kuchuluka kwa malipoti amene wasindikiza, ndi kuchuluka kwa nthawi zimene ofufuza ena awatchula m'malipoti awo.

Ziwerengero ziwirizi zili ndi mphamvu. Sukulu za ukachenjede zimaziyang'ana pokweza anthu pa ntchito, ndipo mabungwe opereka ndalama za kafukufuku amaziyang'ana posankha woti amuthandize. Nchifukwa chake nkofunika kudziwa chimene zimaonetsa ndi chimene zimaphonya.

Malo amene ntchitoyi inakulira

Sukulu ya Muhimbili inayamba m'chaka cha 1963 ngati sukulu yophunzitsa madokotala ya Dar es Salaam. M'chaka cha 1991 inasanduka koleji ya za umoyo pansi pa University of Dar es Salaam, ndipo m'chaka cha 2007 inaima payokha ndi dzina loti Muhimbili University of Health and Allied Sciences. Ili pamodzi ndi chipatala chachikulu cha dzikolo cha Muhimbili, kotero kuti wofufuza sayenda mtunda kuchoka mu labotale kukafika pa bedi la wodwala.

Odwala Edzi oyamba ku Tanzania anapezeka m'chaka cha 1983 m'chigawo cha Kagera, kufupi ndi malire a Uganda. Patangopita zaka zochepa, Pulofesa Fred Mhalu wa ku Muhimbili ndi Pulofesa Gunnel Biberfeld wa ku Stockholm anayamba mgwirizano wa kafukufuku wa HIV pakati pa Tanzania ndi Sweden, mothandizidwa ndi boma la Sweden. Lyamuya anakulira mu mgwirizano umenewu. Anatenga digiri ya PhD ku Karolinska Institutet, ndipo pambuyo pake anakhalaponso wachiwiri kwa mkulu wa sukulu ya Muhimbili woona za maphunziro ndi kafukufuku.

Chimene chimawerengedwa

Wofufuza akamaliza ntchito amalemba lipoti ndi kulitumiza ku magazini ya akatswiri. Akonzi amalipereka kwa akatswiri ena kuti aliunike, ndipo likavomerezedwa limasindikizidwa. Kuchuluka kwa malipoti otere ndiko muyeso woyamba.

Muyeso wachiwiri ndi kutchulidwa. Lipoti lililonse la sayansi limathera ndi mndandanda wa malipoti ena amene wolembayo watsamirapo. Lipoti likapezeka pa mndandanda wa mnzake, limawerengedwa kuti latchulidwa kamodzi. Amene anayambitsa kuwerenga kotere mwadongosolo ndi Eugene Garfield wa ku Philadelphia, ku United States, yemwe anatulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index m'chaka cha 1964. Kaundula ameneyu tsopano ali mkati mwa Web of Science. M'chaka cha 2004 kunabwera akaundula ena awiri, Scopus ndi Google Scholar. Atatuwa sawerenga magazini ofanana, motero munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi ziwerengero zitatu zosiyana.

M'chaka cha 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku San Diego, anapeka njira yophatikiza miyeso iwiriyi kukhala nambala imodzi yotchedwa h-index. Munthu amene h-index yake ndi 30 ndiye kuti ali ndi malipoti 30 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 30. Lipoti limodzi lotchuka kwambiri silingaikweze, ndipo mulu wa malipoti osatchulidwa sungaikwezenso.

Palinso muyeso wa magazini wotchedwa impact factor, umene umaonetsa kuti malipoti a m'magaziniyo a zaka ziwiri zapitazo atchulidwa kangati, powagawa mofanana. Muyesowu ndi wa magazini, osati wa munthu, ngakhale kuti makomiti ambiri akhala akuugwiritsa ntchito poyeza anthu.

Mafunso amene labotale inayankha

Kuti miyesoyi imveke bwino, ndi bwino kuona ntchito yeniyeni imene ili kuseri kwake. Malipoti a Lyamuya ndi anzake akukhudza mafunso amene chipatala chilichonse cha m'chigawo chino chinali nawo m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000.

Funso loyamba linali la kuwerenga maselo a CD4. Awa ndi maselo oyera a m'magazi amene amatsogolera chitetezo cha m'thupi, ndipo ndi amene kachirombo ka HIV kamawononga. Munthu wathanzi amakhala nawo pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kakang'ono ka magazi kotchedwa microlitre, ndipo akatsika kupyola 200 matenda ongopezerapo mwayi amalowa mosavuta. Makina owerengera maselowa anali okwera mtengo, ofuna magetsi osathimathima ndi amisiri owakonza. M'chaka cha 1996, magazini ya Journal of Immunological Methods inasindikiza lipoti la Lyamuya ndi anzake loyerekeza njira zitatu zosavutirapo, kuphatikizapo ya Dynabeads, imene imakoka maselowa ndi timikanda ta maginito kuti awerengedwe pa maikulosikopu wamba.

Funso lachiwiri linali la makanda. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amatengera kwa mayi ake asilikali a m'magazi otchedwa ma antibody, ndipo amatha kukhala nawo mpaka miyezi 18 ngakhale iye alibe kachiromboko. Zida zoyezera akuluakulu zimafunafuna asilikali amenewa, kotero kwa khanda zimasocheretsa. M'chaka chomwecho cha 1996 gululi linasindikiza zotsatira za njira yofunafuna kachidutswa ka kachirombo kenikeniko, kotchedwa p24, m'magazi a makanda a mu Dar es Salaam.

Funso lachitatu linali la zida zoyezera mwachangu. Chimodzi mwa zida zimene Tanzania inkagwiritsa ntchito, cha Capillus, chinkafuna kusungidwa mu firiji, chinthu chosatheka m'zipatala zambiri za kumidzi. M'chaka cha 2006 gululi linayesa zida zisanu zosafuna firiji pa magazi a anthu oposa 1,400. Linapeza kuti kuyamba ndi SD Bioline kapena Determine, kutsimikiza ndi chinzakecho, ndi kugwiritsa ntchito Uni-Gold pamene ziwirizo zatsutsana, kunkapereka yankho lodalirika. Lipoti lake linatuluka m'magazini ya BMC Infectious Diseases m'chaka cha 2009. Ndondomeko ya dzikolo yasinthidwa kangapo kuchokera nthawi imeneyo, koma mfundo yoti zida ziyesedwe kaye pa magazi a eni dziko siinasinthe.

Funso lachinayi linali la kuyamwitsa. Mayi amene ali ndi HIV atha kupatsira mwana kudzera mu mkaka, koma kusiya kuyamwitsa kumene madzi ndi osadalirika kumaphetsa ana ndi matenda otsekula m'mimba ndi kunyentchera. Pa kafukufuku wa Mitra, wotsogozedwa ndi Charles Kilewo, makanda ankamwetsedwa mankhwala a lamivudine nthawi yonse yoyamwa. Lipoti la m'chaka cha 2008 linaonetsa kuti pofika miyezi 6, ana pafupifupi 5 okha mwa 100 alionse ndi amene anali atatenga kachiromboko. Kafukufuku wotsatira wa Mitra Plus, amene ankapereka ma ARV a mitundu itatu kwa amayi, anapeza chiwerengero chofanana nacho m'chaka cha 2009. Dzina la Lyamuya lili pakati pa mndandanda wa olemba malipoti onse awiri.

Zotsatira zimenezi zinabwera nthawi imodzi ndi za kafukufuku wa PEPI wa ku Blantyre, zosindikizidwa m'chaka cha 2008, ndi za BAN wa ku Lilongwe, zosindikizidwa m'chaka cha 2010. Umboni wochokera m'mayiko angapo utaunjikana, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2010 kuti mayi kapena mwana azimwa ma ARV pa nthawi yoyamwitsa.

Ulendo wa katemera

Ntchito imene inatchukitsa gulu la ku Muhimbili kunja kwa Tanzania ndi ya katemera wa HIV. Kukonzekera kwake kunayamba m'zaka za m'ma 1990, pamene ofufuza anayamba kutsatira umoyo wa apolisi a mu Dar es Salaam oposa 2,700. Lipoti la m'chaka cha 2000, lolembedwa ndi Muhammad Bakari, Lyamuya ndi anzawo, linaonetsa kuti apolisi pafupifupi 14 mwa 100 alionse anali ndi kachiromboko pamene ankalembedwa.

Kuyambira m'chaka cha 2007 anthu 60 opanda kachiromboko, makamaka apolisi, anadzipereka pa kafukufuku wotchedwa HIVIS 03. Ambiri analandira katemera wa magawo awiri: woyamba wa DNA wochokera ku Sweden, wodzutsa chitetezo cha m'thupi, ndi wachiwiri wotchedwa MVA wochokera ku United States, wolimbikitsa chitetezocho, wopangidwa kuchokera ku kachirombo kofooketsedwa ka m'banja la katemera wa nthomba. Ena analandira jakisoni wopanda katemera kuti pakhale poyerekezera. Zotsatira, zosindikizidwa m'magazini ya Vaccine m'chaka cha 2011, zinaonetsa kuti katemerayu sankavulaza, kuti matupi a pafupifupi onse amene anamulandira anayankha, ndiponso kuti mlingo wochepa wobayidwa m'khungu unkagwira bwino kuposa mlingo wochuluka wobayidwa mu mnofu.

Kuchokera apa kunabadwa mgwirizano wa TaMoVac, wa Tanzania ndi Mozambique, umene unkachitikira ku Dar es Salaam, Mbeya ndi Maputo, ndipo Lyamuya anali mmodzi mwa atsogoleri ake. Kudzera mu mgwirizanowu dziko la Mozambique linayesa katemera wa HIV koyamba m'chaka cha 2011.

Koma kuyankha kwa thupi mu labotale si chitetezo ayi. Yankho la funso lalikulu linadza ndi kafukufuku wa PrEPVacc, amene anayamba kubaya anthu kumapeto kwa chaka cha 2020 ndipo anachitikira ku Masaka m'dziko la Uganda, ku Mbeya ndi Dar es Salaam, ndi ku Durban m'dziko la South Africa. Anthu oposa 1,500 anatenga nawo mbali, ndipo umodzi mwa mitundu iwiri ya katemera unali ndi MVA yemwe uja. Mu November 2023 komiti yoima payokha inalangiza kuti kubaya kuime, ndipo nkhaniyi inalengezedwa mu December pa msonkhano wa Edzi wa mayiko a mu Africa ku Harare. Zotsatira zomaliza, zoperekedwa ku Munich mu July 2024, zinatsimikiza kuti katemera onse awiri sanachepetse chiwerengero cha anthu otenga kachiromboko.

Malipoti a katemerayu apitiriza kutchulidwa, ndipo nkoyenera kutero, chifukwa aliyense wofuna kuyesa njira ina ayenera kudziwa njira zimene zinayesedwa kale. Komabe palibe munthu amene anatetezedwa ku HIV ndi katemera ameneyu, pamene ndondomeko yoyezera magazi ndi mankhwala a nthawi yoyamwitsa zinafika kwa anthu ochuluka zedi. Akaundula a kutchulidwa sasiyanitsa zinthu ziwirizi.

Zimene chiwerengero sichiona

Kutchulidwa kumaonetsa chinthu chimodzi: kuti ofufuza ena aigwiritsa ntchito nkhaniyo polemba zawo. Kumeneko si kochepa, chifukwa lipoti limene palibe analiwerenga silithandiza sayansi kupita patsogolo. Koma pali mipata ingapo.

Choyamba, unduna wa za umoyo ukatenga zotsatira n'kuziika m'buku la malangizo a anamwino, kapena ukazitsatira pogula zida, akaundula aja kawirikawiri sawerenga kalikonse. Phindu lalikulu la kafukufuku wa m'chipatala limathera m'mabuku otere.

Chachiwiri, funso la dziko limodzi limakhala ndi olitchula ochepa. M'chaka cha 2003 Willy Urassa ndi anzake a ku Muhimbili anasindikiza milingo ya maselo a chitetezo mwa akuluakulu a mu Dar es Salaam, ndipo m'chaka cha 2010 Wilson Mandala ndi anzake anachita chimodzimodzi kwa Amalawi athanzi, ana ndi akulu omwe. Ntchito yotere imathandiza dokotala kuti asayeze wodwala wa kuno ndi mlingo wa ku Ulaya, koma wofufuza wa ku Boston kapena Tokyo alibe chifukwa choitchulira kawirikawiri.

Chachitatu, kutchulidwa sikutanthauza kuyamikiridwa. Lipoti la Andrew Wakefield la m'chaka cha 1998, lonena zabodza kuti katemera wa chikuku amakhudzana ndi vuto la autism, linachotsedwa ndi magazini ya The Lancet m'chaka cha 2010, koma latchulidwa kambirimbiri, makamaka ndi olitsutsa. Ndipo lipoti limene magazini ya Nature inapeza m'chaka cha 2014 kuti ndi lotchulidwa kuposa onse, koposa ka 300,000, silinatulukire mankhwala alionse. Ndi la Oliver Lowry la m'chaka cha 1951, lofotokoza kayezedwe ka mapuloteni mu labotale.

Chachinayi, nthambi za sayansi sizitchulana mofanana. Akatswiri a chitetezo cha m'thupi ndi ambiri, amalemba m'magulu akuluakulu ndipo amatchula malipoti ochuluka, kusiyana ndi akatswiri a masamu. Kuyerekeza h-index ya anthu a nthambi ziwiri nkulakwitsa, monganso kuyerekeza ya munthu wa zaka 30 pa ntchito ndi ya wongoyamba kumene.

Chachisanu, si magazini onse amene amalowa m'kaundula. M'chaka cha 1995 magazini ya Scientific American inaonetsa kuti magazini a sayansi a m'mayiko osauka anali ochepa kwambiri mu Science Citation Index. Kuyambira m'chaka cha 1998, African Journals Online yakhala ikuthandiza kuti magazini monga Tanzania Journal of Health Research, Malawi Medical Journal ndi Medical Journal of Zambia azipezeka pa intaneti, koma ambiri a mu Africa akadali kunja kwa akaundula akuluakulu.

Chomaliza ndi anthu. Patricia Munseri, Said Aboud ndi Agricola Joachim ndi ena mwa akatswiri amene anatenga PhD kudzera mu mgwirizano wa Muhimbili ndi Karolinska, ndipo Bakari anadzakhala mkulu wa madokotala onse a boma la Tanzania. Labotale yokhoza kuyeza kuyankha kwa maselo pa mlingo wovomerezeka pa dziko lonse inatsala ku Ilala ngakhale katemera sanagwire. Palibe h-index imene imaonetsa zimenezi.

Dzina la yani limayamba

Mutu umodzi susenza denga, ndipo lipoti la kafukufuku wa katemera limatha kukhala ndi mayina oposa 20. Akaundula amapereka kutchulidwa kulikonse kwa onsewo mofanana. Komabe makomiti amayang'ana malo awiri: dzina loyamba, la amene anagwira ntchito yaikulu ndi kulemba, ndi lomaliza, la mtsogoleri wa gulu.

Apa ofufuza a mu Africa akhala akutsalira. Bethany Hedt-Gauthier ndi anzake anaunika malipoti oposa 7,000 a za umoyo wa mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara, osindikizidwa pakati pa 2014 ndi 2016. Lipoti lawo, la m'magazini ya BMJ Global Health m'chaka cha 2019, linapeza kuti eni dziko anali ndi dzina loyamba pa malipoti ongopitirira pang'ono theka, ndipo pamene mgwirizano unali ndi sukulu zotchuka kwambiri za ku United States, chiwerengerocho chinkatsika kufika pa lipoti limodzi mwa anayi alionse.

Poyerekeza ndi zimenezi, mndandanda wa ku Muhimbili uli ndi chouza ena. Pa malipoti a CD4, p24, zida zoyezera, Mitra, apolisi ndi HIVIS 03, dzina loyamba ndi la Mtanzania. Wofuna kudziwa mphamvu ya katswiri ayenera kuona malo a dzina lake, osati kuchuluka kwa malipoti kokha.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza chigawo chonse

Lipoti la World Bank ndi kampani ya Elsevier la m'chaka cha 2014 linaonetsa kuti pakati pa 2003 ndi 2012 mayiko a kumwera kwa Sahara, kupatula South Africa, anachulukitsa malipoti awo koposa kawiri, koma sanafikebe pa lipoti limodzi mwa 100 alionse a dziko lapansi. Kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, malipoti 70 kapena kuposerapo mwa 100 alionse ankalembedwa mogwirizana ndi akatswiri a mayiko ena. M'chaka cha 2007 atsogoleri a African Union analonjeza kuika gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma cha mayiko awo ku kafukufuku, lonjezo limene mayiko ambiri sanalikwaniritse.

Pamene ndalama zikuchokera kunja ndipo kukwezedwa pa ntchito kukudalira kutchulidwa, wofufuza wachinyamata wa ku Blantyre, Lusaka, Tete kapena Dar es Salaam amakopeka ndi funso lokondweretsa magazini akuluakulu, n'kusiya funso la chipatala cha kwawo. Chonsecho mayankho ena ofunika kwambiri anachokera pa kuyang'ana vuto la pakhomo. M'chaka cha 2011 dziko la Malawi, poona kuti zipatala zambiri zinalibe makina a CD4, linayamba kupereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, popanda kudikira kuwerenga maselo. Njira imeneyi, yotchedwa Option B+, inalowa m'malangizo a WHO m'chaka cha 2013.

Akatswiri eni ake ayamba kukonza miyeso yawo. Chikalata cha DORA, cholembedwa ku San Francisco m'chaka cha 2012, chikupempha kuti impact factor isagwiritsidwe ntchito poyeza munthu. Mfundo 10 za Leiden Manifesto, zosindikizidwa mu Nature m'chaka cha 2015, zikunena kuti manambala azithandiza chiweruzo cha akatswiri m'malo mochilowa m'malo, ndipo imodzi mwa izo ikuteteza kafukufuku wothandiza anthu a dera limene wachitikira.

Akale anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Komiti yoyeza katswiri ngati Lyamuya iyenera kuwerenga malipoti ndi kutchulidwa kwake, kenaka ifunsenso kuti ndi lipoti liti limene linasintha zochita za namwino, ndi angati amene anaphunzira mu labotale yake, ndipo ndi funso la yani limene ankayankha.